Wodzaza Mafomu pa Boma la Mchinji

Tebulo langa n'la miyendo itatu,
wachinayi ndi njerwa ziwiri.
Ndimakhala kuseri kwa positi ofesi
ndi bolopeni ndi inki ya chidindo,
kugulitsa Chingerezi mzere ndi mzere
ngati tomato wa pamulu.

Lachiwiri kunafika a Mkukumila,
aja anapuma uphunzitsi kalekale,
nyuzipepala m'khwapa, tayi pakhosi dzuwa likuswa mtengo.
Akuti: Obwerawa atichulukira.
Aliyense wolowa pa Mwami
aziyamba walemba mayeso a Chingerezi,
ndicho chinenero cha boma.
Akalephera, njira ndi yomweyo anadzera.

Ine ndinangoti, ee, aphunzitsi,
poti pabenchi panali anthu atatu akundidikira.

Woyamba Habonimana, wa golosale ya pa Kamwendo.
Anabwera ndi chikwama chimodzi
ndi dzina lotipunthwitsa lilime.
Chichewa sanachipeze m'kalasi.
Anachitola pa sikelo ya soya pokangana za makilo,
anachitola kumanda, khasu m'manja pakati pa adzukulu,
tsiku lomwe tinaika mwana wa landilodi wake.
Lero akamakukaniza ngongole
amakuikira ndi mwambi pamwamba.
Fomu ya laisensi ndamulembera ine.

Wachiwiri Fulujensiyo wa ku Mozambiki,
wothyola fodya pa esiteti ya ku Mkanda.
Chipwitikizi chake n'cha moni ndi kuwerenga ndalama basi.
Akatsegula pakamwa ndimamva malume anga,
mpaka kakokedwe ka mawu.
Makolo ake ndi anga ankavinira dambwe limodzi
munthu asanabwere ndi rula kudzadula mapu.
Ndi mlendo, ati.
Yakenso ndalemba ine.

Wachitatu Nasimango.
Mchombo wake unakwiriridwa ku Kapiri,
sanapitirirepo Namitete chibadwire.
Akulondola ndalama za malemu amuna awo,
mlonda wa pachipatala.
Pepala likuwafunsa m'Chingerezi kuti ndinu yani,
iwo aligwira chozondoka.
Ndinawagwira chala chachikulu,
kuchinyika mu inki, kudinda.
Ndi mayi anga aang'ono. Sindinawalipiritse.

Tsono aphunzitsi, mayeso anu aja
tikawayala pa benchi ili, agwa onse atatu.
Habonimana abwerera kumapiri komwe nyumba yake inapsa.
Fulujensiyo awoloka dambo, madzulo ali kwawo.
Nanga Nasimango tiwabweza kuti?

Sindinanene mokweza.
Chingerezi sindichinyoza ine,
chinandigulira malata khumi ndi asanu,
chimatsegula zitseko za ku Lilongwe
zomwe Chichewa chimagogoda mpaka zala kutupa.
Mlendo wochifuna achiphunzire, n'chuma.
Ndipo ndivomere:
tsiku lomwe onse adzachidziwe
tebulo langali lidzakhala nkhuni.

Cha m'ma folo kunatulukira mwana wa Habonimana,
wa sitandade seveni, yunifolomu yothimbirira,
kudzatenga bambo ake.
Anasuzumira paphewa panga
n'kuloza ndi chala: Apa mwasiya chilembo chimodzi.
Ndinakonza, manyazi ali m'makutu.
Kenaka anagwada pafupi ndi Nasimango,
kuwawerengera pepala lija mzere ndi mzere,
akulitembenuzira m'Chichewa chosalala:
Apa akuti mubwere ndi kalata ya imfa,
apa akuti mudikire miyezi itatu.
Aka kanali koyamba mayi aja kumva
chimene chala chawo chinavomera.

A Mkukumila anatsitsa nyuzipepala.
Chingerezi chabwino chotere! Mwana wa yani ameneyu?

Habonimana anayang'ana pansi,
chipewa chili m'manja.
Anayankha ndi Nasimango,
akupukutira inki pa chitenje:
N'ngwa konkuno uyu. Simukumumva?