Ife Oima Pambali

Zaka khumi ndi zinayi ndinaphunzitsa zisudzo za Agiriki akale,
choko m'manja, thukuta m'khwapa,
ndikuuza ana kuti m'masewero amenewa
mumakhala gulu la nkhalamba loima pambali.
Limaona zonse, limalankhula mokoma,
koma silitambasula dzanja.
Ana ankaseka. Inenso ndinkaseka.

Che Mtila, telala wa pa Namwera, ndi mnzanga wa bawo.
Kale anali msodzi ku Malindi.
Mkazi wake ali woyembekezera analota katatu loto limodzi:
mwana uyu adzatengedwa ndi madzi.
Sabata lomwelo anagulitsa bwato ndi khoka,
anagula makina osokera, nakwera phiri.
"Madziwo andipeze kuno ngati ali ndi miyendo."

Lajabu anakula akusamba m'beseni,
madzi olekeza m'kakolo.
Mvula ikachita mdima ankamutsekera m'nyumba ngati mbuzi.
Atamera ndevu anamugulira njinga yamoto,
chinthu cha pamtunda, chomwa petulo,
ndi lamulo limodzi: usawoloke mlatho wa Shire.

Anawoloka.
Tsidya linalo kunali Sigele,
wogulitsa usipa wofutsa pafupi ndi nsanja ya wotchi,
wa kampata m'mano,
amene ankawerenga chenji akuyang'ana kumwamba
ngati manambala analembedwa pamitambo.

"Mwana wa msodzi m'nyumba mwanga ayi.
Adzakukokera kunyanja."
"Bambo, zaka makumi awiri ndi zitatu
mwandigoneka m'loto la amayi. Ndadzuka."
Mphumi imodzi, khosi limodzi louma,
mwana ndi bambo ngati misomali iwiri yokhomana mitu.
Ine ndinali pomwepo, nkhomo zili m'manja.
Ndinati, "Mukambirane bwino,"
ndi mawu osathamangitsa ngakhale nkhuku.
Kenako ndinati, "Che Mtila, ndi inu kutakata."

Unali Okutobala.
Zitsime zinali zitauma mpaka pansi,
amayi akugona pamjigo kudikira dontho.
M'dziko lonse munalibe madzi omiza mphaka.
Mwina n'chifukwa chake bamboyo analimba mtima:
"Pita, koma usadzabwerenso."
Lajabu anamanga kachikwama kumbuyo,
malaya oyera osokedwa ndi bambo ake omwewo,
natsetsereka ku Chowe,
kumene msewu umadzipinda ngati njoka yopondedwa.

Agiriki sankaonetsa imfa pabwalo.
Ankatumiza munthu wothamanga, wa phuma.
Wathu anali mnyamata wa kabaza,
silipasi imodzi kuphazi, ina m'manja.
Anati galimoto ya okonza msewu,
ija yathanki, yothirira fumbi,
inaduka mabuleki pakhota lachitatu.
Anati thanki inang'ambika.
Anati msewu wonse unanyowa,
madzi akuyenda pa phula, pa njinga, pa malaya oyera,
ndipo ana a m'midzi anathamanga ndi zidebe
asanadziwe kuti pansi pake pali munthu.

Che Mtila sanalire.
Anafunsa kokha kuti, "Anali ochuluka bwanji?"

Sanda anadula yekha, ndi sizasi yake.
Sigele anabwera pa matola, nakhala kumapeto kwa amayi,
manja akununkhabe utsi wa usipa.
Palibe anamulozera pokhala, palibe anamuthamangitsa.
Amuna titanyamula jeneza anaimirira,
natsatira mpaka pamtengo wa mango pamene amayi amalekeza.
Pamenepo anayang'ana kumwamba nthawi yaitali,
milomo ikugwedera, ngati chenji sichikukwana.

Dzulo Che Mtila anandifunsa,
phazi lili pa makina osayenda:
"Aphunzitsi, inu munawerenga mabuku.
Ndikanakhala ku Malindi, akanaphunzira kusambira?
Ndikanati mubweretse mtsikanayo timuone?"

M'mabuku aja gulu loima pambali
ndilo limatseka sewero ndi mawu anzeru,
anthu n'kumwazikana.
Ndinapisa m'thumba kufuna mawuwo.
Ndinapezamo nkhomo ziwiri za tsiku lija,
ndipo bawo silikukwana mpaka lero.