Batani Lofiira

Ndinalijambula usiku, pa Dedza,
m'kachipinda ka lendi kuseri kwa depoti,
zala zitauma ndi chisanu cha mu Juni,
magetsi atathima, laputopu ikuwerenga mphindi zake zotsiriza.

Tsamba limodzi lokha,
loti alimi a tomato a ku Bembeke,
opikula a pa Lizulu
ndi Kamtedza wa lole yosweka galasi
azikumanirapo osatha mayunitsi poimbirana.
Mitengo apa. Madengu apa. Tsiku lonyamula apa.
Pansi pake mabatani awiri:
lobiriwira kuvomera, lofiira kukana,
monga anatiphunzitsira ku koleji,
monga maloboti a ku Lilongwe.

Malamulo anga ndinawalemba bwinobwino:
zilembo za msinkhu umodzi, mipata yofanana,
ngodya zonse zopindika mofanana
ngati makolala a ana pa asembule.
Ndinagona ndikudzitama.

Sabata yoyamba maoda onse anakanidwa.
Makumi atatu ndi anayi. Onse.
Kamtedza anagona masiku awiri pa Chimbiya, lole ilibe kanthu,
uku tomato akuchucha m'madengu.
Ndinapesa khodi yanga mzere ndi mzere
monga mayi apesera mutu wa mwana.
Nsabwe sindinaipeze.

Tsiku la msika ndinakwera minibasi.

Pa Lizulu msewu ndiwo malire,
ukaoloka kukagula anyezi wafika ku Mozambiki.
Mayi Nanyoni anapukuta foni pa chitenje.
Ndinati, tandionetsani momwe mumavomerera.
Chala chawo chachikulu, chong'aluka ndi matope a kudimba,
chinapita pa lofiira mosakayika konse.

Mwakanatu apo, mayi.

Anandiyang'ana ngati ndati mvula imachokera pansi.
Mwanawe, wobiriwira amagula ndani?
Wofiira ndiye wapsa.
Wapsa ndiye bwerani mudzanyamule.

Mzere wonse wa azimayi unafa nalo phwete,
mpaka wa kabichi tsidya lija la msewu
anafunsa chachitika n'chiyani.
Digiri yanga inachepa, inakwana m'thumba la siketi.

Anandigadabuzira dengu, ndinakhalapo.
Lemba, anatero.
Batani likule, chala changa si singano.
A Dzinkambani magalasi anawasiya m'basi chaka chatha,
zilembo zako amaziona ngati nyerere zili pa ulendo.
Netiweki ikathawa kuseri kwa phiri, tsamba lisaiwale zomwe ndanena.
Ndipo ndani anakuuza kuti pamsika pali inde ndi ayi basi?
Nanga tsitsaniko ali kuti?
Nanga ndifunse kaye anzanga?
Nanga banyira?
Malonda amakhala pakati, mwanawe,
iwe wamanga zitseko ziwiri, nyumba waiiwala.

Ndisananyamuke anagwira kope langa,
anaika chala pa tsamba loyera,
ine ndikuchizunguliza ndi bolopeni.
Panatsala chizindikiro cha dothi ndi madzi a tomato.

Muyeso wanga tsopano ndi umenewo.
Uli pakhoma, pamwamba pa tebulo, ndinaumata ndi selotepu.
Batani lililonse ndimaliyeza pamenepo
lisanapite kwa anthu.
Mitundu ndinaichotsa, ndinaika mawu:
Tapangana.
Tsitsaniko.
Ndiyankha mawa.
La banyira likundivutabe, sindikudziwa poliika.

Dzulo folo koloko m'bandakucha foni inanjenjemera pa pilo.
Madengu makumi asanu ndi limodzi. Tapangana.
Ndinadzuka, ndinafunda bulangete, ndinaima pa zenera.
Nkhungu inali itameza phiri lonse,
mitengo ya paini osaoneka n'komwe.
Kumsewu waukulu kunadutsa lole ina yolemedwa,
giya ikulira pokwera mtunda.
Kaya inali ya Kamtedza, kaya ya wina,
ndinaimvetsera mpaka inazimirira,
kenako ndinatsegula laputopu.
Mayi Nanyoni atumiza uthenga wa mawu:
chilembo cha mtengo chikadali chaching'ono.