Nyanja ya M'chipinda ku Moatize

Zaka khumi ndi zitatu ndakhala ndikugogoda magudumu a mabogi,
kumvetsera ngati chitsulo chili ndi mng'alu.
Malasha amanyamuka kupita ku Nacala,
ine n'kutsala ndi fumbi lake m'makutu.
Nyanja yamchere ndinaiona kamodzi, masiku awiri okha,
ndipo ndinabwerako ngati munthu amene waiwala chipewa kwa eni.

Tsono ndinagula magalasi asanu kwa mmisiri wa mawindo ku Matundo,
tinawamata ndi guluu wonunkha viniga.
Mchere wake si wa pamsika uja wothira m'ndiwo:
unabwera kuchokera ku Beira pampando wa kutsogolo kwa lole ya Zeferino,
ndipo mtengo wake Adelina sindinamuuze mpaka lero.
Zambezi ali apo, madzi aulere, nsomba zaulere,
ine ndili chogwada pa ndowa
kuyeza mchere ngati mankhwala a khanda.

Masabata asanu ndi limodzi munalibe chosambira.
Miyala yokha, mchenga woyera, pampu ikung'ung'udza.
Madzi ayambe akhwima, anatero wogulitsa,
tizamoyo tosaoneka timange kaye mudzi m'mabowo a miyala.
Bambo Sandalamu anasuzumira kwa nthawi yaitali,
nati, miyala yanuyi ikunenepa bwino, achimwene.

Zinafika zitatu m'jumbo yofufuma ndi mpweya.
Ziwiri zamtundu wa lalanje, zovala malamba oyera,
imodzi yobiriwira ngati m'mwamba mvula itangokata,
mchira wachikasu.
Sindinazikhuthule ayi.
Ndinazizolowetsa madzi anga dontho ndi dontho, ola lathunthu,
monga umachitira ndi mlendo wosamva chinenero chako.
Natesiya anakanikiza mphuno pagalasi mpaka inaphwatalala.

Kenako Okutobala.
Amene sanagonepo ku Tete mwezi umenewu asanene kanthu.
Malata ankalira okha masana,
madzi m'galasi n'kufunda ngati tiyi woiwalika.
Ndinatulutsa mafilizesi a Adelina m'firiji, malonda ake,
kuti ndiumitse mabotolo oyandamitsa pa nsomba.
Masiku anayi anandiyankha ndi msana.

Usiku wina magetsi anathima.
Mawaya a ku Cahora Bassa amadutsa pamwamba pathu pomwepa
kukawalitsa mizinda imene sindidzaiona,
ine pansi pake ndi kapu m'manja,
tunga, kweza, khuthula,
tunga, kweza, khuthula,
kupanga mafunde ndi mkono umodzi mpaka tambala wachiwiri.
Kutacha, zamalamba zija zinkapumira pamwamba.
Yobiriwira inali chagada kuseri kwa mwala,
mtundu wake utathawa kale.

Ndinati tikaitaye ku Revubwe.
Natesiya anakana: madzi akumeneko siwadziwa, bambo.
Tinaikwirira pansi pa msawu
m'kabokosi ka machesi, ndi kamchere pang'ono.

Tsopano ndili ndi batire la galimoto pansi pa tebulo
ndi chivundikiro choletsa fumbi la malasha,
ngakhale limalowabe, limadziwa njira zake.
Ndimadyetsa pang'ono, kotsina ndi zala ziwiri,
chifukwa kuno chimene chimapha msanga ndi kupatsa.
Pagalasi pali kamzere kofiira ka utoto wa zikhadabo.
Madzulo alionse madzi amakhala atatsika pansi pake.
Dzuwa limaba madzi okha, mchere limausiya,
choncho umathiramo madzi opanda kanthu.
Ndinachedwa kuzimvetsa zimenezi:
chikawawa kwambiri suwonjezera chowawa,
ngakhale ndi chimene unagula modula.

Dzana ndinabwera ku ntchito ya usiku mosayembekezeka.
Nyali ya m'galasi inali yoyaka,
Adelina atakhala pa ndowa yovundikira, chitenje m'mapewa,
akuyang'ana ziwiri zija zikupukusa mchenga pakona yawo.
Sanatembenuke.
Anangoti, yaikuluyi ndi yaikazi, ndaiona mmene ikulamulira,
ndipo madzi ako ndathira kale.

Kunja sitima inalira, yodzaza, yolunjika kunyanja.