Kubwezera Mvula

Chitini chinafika Lachiwiri, dzimbiri m'milomo,
chitakwera sitima ziwiri ndi ndege.
Nditachitsegula, fungo la viniga linandiwomba m'mphuno.
Umu ndi mmene filimu imanunkhira ikayamba kufa.
Mayi Ormerod anapukusa mutu, nandiponyera magolovesi.

Timagwira ntchito m'chipinda chapansi kuno ku Bradford,
m'chinyumba chomwe kale ankalukiramo ubweya wa nkhosa.
Mulibe zenera. Muli kuzizira kochita kugula,
poti filimu yakale simvana ndi thukuta.

Chinenero cha filimuyi sindichimva.
Ndimangodziwa mayi wa chipewa chopindika
amene waima pasiteshoni, ambulera m'manja,
kudikira munthu yemwe sitima sikumutsitsa.
Zaka makumi asanu ndi limodzi wadikira m'chitinimo,
nkhungu ikumudya phewa,
nkhope itasuluka ngati nsalu yoiwalika pachingwe.

Ndinamupukuta ndi thonje, chithunzi chimodzichimodzi,
ndinamata timabowo tam'mbali tong'ambika,
kenako tinamupereka kwa kompyuta ichezere naye,
ichotse zikande, fumbi,
ndi tsitsi la anthu omwe anatsogola kalekale.

M'mawa tinapeza yakolopa zonse.
Yakolopa ndi mvula yomwe.
Inaona timizere toyera tikutsika, niyesa zipsera,
mayi uja natsala chiimire pansi pa thambo louma,
ambulera ili tambasu,
malaya atanyowa popanda chowanyowetsa,
ngati wozungulira mutu.

Masabata atatu ndinakhala ndikubwezera mvula.
Dontho ili nlake. Ili ndi bala. Ili nlake.
Maso anafiira, khosi linauma gwa.
Kunja nako inkawaza, ija yakuno yosadziwa kukata,
koma imeneyo palibe amandilipira.

Pa chithunzi cha nambala 4,117
pali kadontho patsaya lamanzere.
Cham'mbuyo chilibe, chakutsogolo chilibe.
Mayi Ormerod anati ndi chilema cha mankhwala otsukira, kachoke;
msozi sungabwere nkupita m'kuphethira kumodzi.
Ine ndinati wa mayi anga unkatero.
Tinakangana mpaka tiyi anazizira.
Ndinakasiya.
Iwo analemba m'kaundula kuti wakasiya ndine.

Usiku wa chikondwerero holo inadzaza,
majekete onyowa akufuka nthunzi m'mipando.
Mvula yanga itagwa pachinsalu chachikulu
ndinaona mtsikana wina akukoka kolala, osadziwa.
Kadontho kaja kanadutsa.
Palibe anakaona, mwina ndi ine ndemwe.

Pakhomo bambo wina wa imvi, wochokera dziko lomwelo,
amene anapuma pantchito yoyendetsa basi kuno,
anandigwira dzanja osalisiya.
Akuti anaionera ali mwana pakhoma la sukulu,
ili zikande zokhazokha, ikudukaduka.
"Mwaitsuka bwino," anatero,
"koma ndasowa paja inkadukira.
Mumdima umenewo, akulumikiza,
bambo anga ankatinong'oneza mathero abodza,
oti munthu uja anatsika sitima."

Ndinamusekerera. Ndikanati chiyani?
Mdima umenewo sunali m'chitini.

Mwezi wamawa ilowa m'zimbale,
ikagona m'mashelefu a anthu osandidziwa,
dzina langa lili m'tizilembo ta kumapeto
komwe owonera amakhala atadzuka kukatsuka makapu.

Kwanga, m'dirowa ya masokosi,
muli tepi ya ukwati wa makolo anga ku Balaka.
Kuseri kwa kagalasi kake nkhungu yayera mbee.
Zaka zisanu ndi zinayi ndili nayo.
Makina alipo, thonje lilipo,
Mayi Ormerod anandilola kale Loweruka lililonse.

Koma ndikudziwa zomwe ndikapezemo:
bambo atavala suti yobwereka, yaifupi m'manja,
akuvina chobwerera m'mbuyo, akuponda ndalama za perekaniperekani,
ali bwinobwino, opanda chikande,
asanayambe kutsokomola.

Ndimatseka dirowa.
Mawa kukubwera zitini zisanu ndi chimodzi,
akuti muli chipale chofewa.
Ndiyenera kulawira, kompyuta isanachione.