Chiboo

Ku Tampere, m'fakitale yakale ya nsalu
momwe makina anakhala chete kalekale,
Vuokko Rautiainen amalipira kachipinda ka pamwamba:
tebulo limodzi, makompyuta awiri, ketulo yodontha.
Kunja chipale chofewa chikugwa chammbali,
mdima wagwira anthu asanaweruke.

Ntchito yake ndi kupanga magemu,
koma chaka chino wakhala akungochotsa.
Anayamba ndi mfuti. Kenako mapointi.
Kenako timitima tofiira ta pakona
timene timakuuza kuti watsala ndi miyoyo ingati.
Sointu, mnzake wojambula, anati,
"Ukapitiriza chonchi utsala ndi batani lozimitsira lokha."
Anaseka onse awiri,
koma Vuokko analemba mawuwo papepala.

Lachinayi lina usiku cholakwika chinabwera chokha.
Kamunthu ka pasikirini kanaponda pakona ya khitchini
pomwe makoma awiri sanapsompsonane bwino,
n'kulowa pansi ngati singano m'bulangete.
Kanagwa. Kanapitirira kugwa.
Nyumba yonse inaoneka chakunsi,
mitengo yopanda mizu, yopyapyala ngati yodula ndi sizasi,
ndipo thambo, kani, linali bokosi
lokhala ndi msoko.

Wina aliyense akanatseka chiboocho asanagone.
Mizere itatu ya pulogalamu, basi.
Vuokko anatsamira mpando, khofi akuzizira m'manja,
n'kuonerera kamunthu kake kakumira m'chimbuuzi
kwa mphindi makumi awiri.
Kutacha anakulitsa chiboocho.

Anaponyamo zinthu zimene anthu amataya osadziwa:
golovesi imodzi, kiyi wa njinga,
mawu a mayi akuitana galu.
Fungo la buledi linamukanika,
anangoyesa ndi kuwala kwachikasu.
Ukadina batani umagwa mwaliwiro, osaona kanthu.
Ukachotsa zala umatsika ngati nthenga.
Zimenezi sanazilembe paliponse.

Pachionetsero cha mu Malichi,
m'holo yonunkha majekete onyowa,
kunabwera Eemeli, wa zaka khumi ndi ziwiri,
zala zake zothamanga kuposa maso.
"Ndiphe ndani?"
"Palibe."
"Nanga ndiwina bwanji?"
Vuokko anangokweza mapewa.
Mnyamatayo anatswanya mabatani onse ngati nsikidzi,
nadzuka, nati gemuyi ndi yowonongeka.
Ndipo sananame.

Pambuyo pake panakhala Aarre,
zaka makumi atatu ndi chimodzi pamakina a mapepala,
manja onjenjemera osatha kugwira chowongolera.
Chitamulaka, anachiika pamiyendo.
Dziko linayamba kuchedwa.
Golovesi inadutsa. Kiyi anadutsa akuzungulira.
Mayi uja anaitana galu, kawiri, chapatali.
Mzere unatalika kumbuyo, ena akusuzumira mawotchi.
Iye osacheuka.

Atadzuka anafunsa chimodzi chokha:
"Kodi pofikira palipo?"
Vuokko ankadziwa.
Ukagwa maola asanu ndi anayi
manambala amakula mpaka kompyuta kulephera kuwasenza,
kamunthu n'kuyamba kunjenjemera,
poyamba zala, kenako thupi lonse,
mpaka nkhope kumwazika.
Anayang'ana manja a mkuluyo.
"Sindinafikeko," anatero.
Aarre anavala chipewa pang'onopang'ono,
nati abweranso mawa ndi magalasi ake abwino.

Usiku womwewo Sointu anapeza chiboo china
kuseri kwa firiji, chaching'ono,
choti kamunthu kangalowemo phazi lokha.
"Ichi nditseke?"
Sanayankhidwe.
Vuokko anali atagona, tsaya pakiyibodi,
chilembo chimodzi chikudzaza sikirini,
mzere pansi pa mzere,
chikutsikabe.