Njovu ya mu Ayezi

Julaye mu Thessaloniki.
Pofika teni koloko phula la mumsewu layamba kufewa,
nyenje zikulira ngati zalipidwa,
wailesi yati ana asatuluke.
Ndiye tili pano, pakhonde la nsanjika yachinayi,
mikono isanu m'litali, iwiri m'lifupi,
ine, ana awiri, ndi mabeseni onse a m'nyumba muno.

Evanthia sachita kuitanidwa.
Wamiza kale manja mu mpunga wouma mpaka m'zigongono,
akutunga ndi kapu, akukhuthula,
waa, waa,
akuti ndi mvula ya ku Kavala kwa azakhali ake.
M'beseni lobiriwira muli thovu la sopo wotsukira mbale.
Wadzimata ndevu zoyera
ndipo walamula kuti ndizimutchula bambo wansembe.

Stamatis waima pakhomo.
Zaka zitatu ndi miyezi iwiri,
manja wabisa m'khwapa ngati wamva chisanu.
Mwana uyu mchenga ndi mdani wake,
udzu amauponda ndi zidendene zokha,
kadontho ka yogati pachala
ndi maliro a tsiku lonse.
Adokotala anati musamukakamize,
ikani zinthu pafupi, inu muziyang'ana kwina.
Kuyang'ana kwinako ndi katundu wolemera
kuposa matumba a ufa
amene ndimasenza usiku ku bekale.

Dzulo ndinaba njovu yake ya pulasitiki,
ndinaimiza m'chitini cha madzi,
ndi kuitsekera mufiriji.
Lero ndaigubuduzira pathireyi:
mwala woyera wofuka nthunzi,
njovu ili m'kati, chitamba m'mwamba, yauma gwa.

Sindinanene kanthu.
Ndaika mchere m'kambale, madzi ofunda m'botolo,
supuni pambali,
ndayamba kusenda ndimu ngati munthu wotanganidwa.

Phazi limodzi.
Linzake.
Wagwada.
Wauzira mpweya, njovu osagwedezeka.
Watola supuni, go, go, go,
ayezi wakana.
Wawaza mchere pang'ono, wapendeketsa botolo,
ayezi walira, tswa,
timitsinje tayamba kukumba njira,
ndipo khutu la njovu latulukira kunja.

Apo ndiye chala,
chala chake chenicheni, supuni ili pansi,
chakhudza.
Wachibweza msanga,
wachiyang'ana ngati chamunamiza,
wachiika patsaya.
Kenako dzanja lonse, phaa, pamwamba pa ayezi.

"Zizi," watero.

Ndimu ndasenda mpaka mpeni walowa m'chala changa,
koma sindinatembenuke.

Madzi nawo sadziwa malire.
Adutsa pansi pa zitsulo za khonde, ndo, ndo, ndo,
pa malaya a bambo Anestis a nsanjika yachitatu,
makaniko wa sitima zapamadzi wopuma ntchito,
amene chaka chonse moni wathu amayankha ndi mphuno.
"Ndani akunyowetsa zovala zanga kumwambako?"
Evanthia, ndevu zili mbuu, wasuzumira:
"Tikupulumutsa njovu!"

Zii.
Nyenje zokha.
Kenako mawu aja, otsika pang'ono:
"Onjezerani mchere."

Njovu yatuluka nthawi ya nkhomaliro itadutsa,
mwendo umodzi ukadali ndi nsapato ya ayezi.
Stamatis waiika pakhosi, pamimba, pansi pa phazi,
akukuwa, akuseka, akuibwezanso pomwepo.
Thovu sanalikhudze.
Mpunga waudutsa chapatali ngati galu wa eni.
Zimenezo ndi za tsiku lina.

Madzulo ndikusesa.
Mpunga m'nsapato, mpunga m'mphika wa maluwa,
mpunga m'tsitsi la bambo wansembe.
Amayi awo atuluka kuchipatala eyiti koloko,
ndikusunga nkhaniyi ngati buledi wotentha,
ndipo chala chikuwawa ndi madzi a ndimu.

Wina wandikoka buluku.
Dzanja lina chitini, lina njovu,
chibwano chikuloza firiji.