Bambo Akuoloka Mtayamoyo

Chanazi wabwera ndi dongo losadetsa m'manja.
Lili kuseri kwa galasi la laputopu,
mbulunga yotuwa ngati dzira la ng'ona,
ndipo akaikanda ndi cholembera chopanda inki
imatupa, imalowa m'kati, imamera mphuno.
Akuti akuumba bambo.

Ine ndinayamba kalekale
m'mabuku a malisiti a thonje
amene kalaliki wa kujinala anafuna kuwatentha.
Tsamba lililonse bwato lomwelo,
nkhafi yokha kusuntha, kamtunda ka njere ya mpunga.
Masamba khumi ndi awiri kuti sekondi imodzi ipume.
Ndikawathamangitsa ndi chala chachikulu
a Zuze amapalasa, amapalasa,
buku n'kutha asanafike tsidya.

Dzuwa la pa Bangula silikondera.
Thukuta langa limadonthera pa pepala
n'kusungunula chigongono cha bambo.
Makina ake amapuma wefuwefu ngati galu pansi pa ngolo
mpaka timawakhazika pa njerwa ziwiri
pafupi ndi mtsuko wa madzi akumwa,
ife n'kumawakupiza ndi katoni.

Iye akalakwitsa amadina mabatani awiri,
cholakwa n'kukhala ngati sichinabadwe.
Ine ndikalakwitsa, labala amasiya chipsera,
nthawi zina bowo.
Ndinachita nsanje, sindibisa,
ndilo dzina la boma lathu lomwe.

Koma dongo lakelo lili ndi kalilole pakati.
Ukatsina tsaya lamanzere, lamanja limadzitsina lokha.
Panatuluka mwamuna wosalala,
makutu ofanana ngati anagulidwa sitolo imodzi.
Ndinati, mlongo wanga, munthuyu ngokongola
koma sanatibereke.
Wathu uja mbedza inamung'amba mlomo wa kumanzere,
diso limodzi anali kulitsinzina nthawi zonse
chifukwa madzi amabweza dzuwa.
Chanazi sanayankhe. Anazimitsa kalilole uja
n'kuyamba kuwononga nkhope mwachikondi,
khwinya limodzilimodzi,
mpaka ndinatuluka panja ngati ndikukaona mbuzi.

Mawa lake anawalowetsa mafupa,
timizere tobiriwira kuyambira m'khosi mpaka m'zala.
Anaika nkhafi m'mwamba, anaika nkhafi m'madzi,
zapakati makina anadzaza okha.
Ntchito yanga ya miyezi itatu, tiyi asanazizire.
Bambo anapalasa myaa, ngati pa mafuta.
Tonse tinaona kuti si iwo.

Anatenga buku langa lachiwiri,
nanyowetsa chala, nawerenga.
Pa tsamba makumi anayi anaima.
Apa wajambula chinthu chimodzi kanayi, bwanji?
Ndinati mwina ndinatopa.
Ayi, anatero, ndi phewa lija.
Ankati akakweza nkhafi, linkawagwira,
ankadikira kaye kuti ululu udutse.
Ine sindinadziwe kuti ndikudziwa zimenezo.
Dzanja linasunga osandiuza.

Anaba masamba anayi aja, nawapatsa makina.
Ine ndinaba kwa iye kumbuyo kwa mutu wa bambo,
kumene pensulo yanga sinafikeko,
poti iye amawatembenuza ngati chimanga pa makala.

Magetsi anazima cha m'ma sikisi.
Amayi anabwera kuchokera kumsika
akununkha utsi wa milamba,
dengu likadali pamutu.
Tinawaonetsa zonse ziwiri,
galasi likuwala, buku likupepheruka pa tochi,
udzudzu ukuonerera nawo.
Tinkadikira kuti asankhe.

Anayang'ana nthawi yaitali.
Kenako anati, chitini chili kuti?
Bwato limenelo linkadontha kuyambira tsiku loligula.
Popanda chokapira madzi
muwamiza bambo anu asanafike pakati.
Anatula dengu, nalowa m'nyumba.

Batire latsala ndi mzere umodzi.
Ine ndatsala ndi malisiti asanu ndi awiri.
Chanazi akuumba chitini,
ndipo tikukangana chapansipansi
ngati chinali cha mafuta ophikira
kapena cha penti.